Kutulutsanso chimbale chakale pokumbukira zaka zake: poyambira, potsatira ndi pamene ndalama zimalowera

Pa 27 September 2019 chimbale cha The Beatles chotchedwa Abbey Road chinatulukanso, chitangokwanitsa zaka 50. Patangotha sabata chinali pa nambala 1 ku Britain, mpando umene chinaukhala komaliza zaka zoposa 49 m'mbuyomo. Ku America chinachoka pa nambala 71 n'kufika pa 3 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zimene zikuyenda malonda kwambiri, ndi chiwerengero cha 81,000 pa sabata imodziyo, kuphatikiza kugula ndi kumvera. Pa chiwerengero chimenechi, pafupifupi 70,000 anali makope ogulidwa ndi ndalama, osati kumvera pa intaneti. Apa m'pamene pagona nkhani. Amene amanyamula chimbale chakale sabata yoyamba ndi anthu oti nyimbozo ali nazo kale, ena anazigulapo kawiri kapena katatu pamoyo wawo. Munthu wotereyu sapisa m'thumba chifukwa choti kalendala yanena kuti zaka zakwana. Amafuna chinthu chimene alibe, ndipo chinthucho chimatenga chaka kapena kupitirira kuti chikonzedwe.

Choncho tengani tsiku limene chimbale chinatuluka koyamba, muwerenge chobwerera m'mbuyo miyezi 12 mpaka 18. Ntchito iyambire pamenepo.

Kusankha chimbale

Zaka zimene zimagwira mtima ndi 10, 20, 25, 30, 40 ndi 50. Zaka 20 ndi 25 zili ndi ubwino wake: amene anali achinyamata nyimbozo zikuvuta pa wailesi tsopano ali pantchito ndipo ali ndi kangachepe kogulira. Koma nambala isakupanikizeni. Exile on Main St. cha The Rolling Stones, chimbale cha 1972, chinatulukanso mu May 2010 chili ndi zaka 38, nambala yopanda chikondwerero chilichonse, koma chinafika pa 1 ku Britain ndi pa 2 ku America chifukwa chinabwera ndi nyimbo 10 zowonjezera zochokera m'nkhokwe. Graceland cha Paul Simon chinatuluka mu 1986, koma kope lokumbukira zaka 25 linafika m'masitolo mu June 2012, litachedwa pafupifupi chaka, ndipo palibe amene anadandaula. Funso lofunika n'lakuti chimbalecho chikumvedwabe ndi anthu lero kapena ayi. Onani mmene chayendera pa Spotify, YouTube ndi Apple Music m'miyezi 12 yapitayi, mizinda imene akumvera kwambiri, ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene zikukoka zinzake. Lembani manambalawa penapake, mudzawafuna kumapeto.

Mwini wake ndani?

Apa m'pamene mapulani ambiri amafera, choncho musalipire situdiyo kapena wojambula chikuto nkhaniyi isanathe. Nyimbo iliyonse ili ndi umwini wapawiri. Pali umwini wa nyimbo yopekedwa, kutanthauza mawu ndi mayimbidwe ake, umene umakhala wa wopeka kapena kampani imene anaipatsa mphamvu. Palinso umwini wa chojambulidwacho, chimene anthu a ntchitoyi amachitcha master, ndipo kawirikawiri uwu umakhala wa amene analipira situdiyo. Woyimba akhoza kukhala mwini wa nyimbo zonse za m'chimbale koma osakhala ndi ufulu wotulutsanso chimbalecho.

Funafunani kontirakiti yoyambirira ndipo muwerenge zinthu zinayi: zaka zimene mgwirizano unayenera kukhala, mayiko amene ukukhudza, ngati unatchula njira zogulitsira zimene kunalibe panthawiyo, komanso ngati zojambulidwa zimene sizinalowe m'chimbale zilinso m'manja mwa kampaniyo. Mfundo yomalizayi ndi imene imapunthwitsa anthu. Mumapeza tepi ya nyimbo zitatu zosatuluka m'katoni ya woyimba, mukuganiza kuti ndi zake, kenako loya wa kampani n'kukulemberani kuti chilichonse chojambulidwa m'zaka za kontirakitiyo ndi chawo. Kumbukiraninso kuti makampani amagulana. Zimbale zakale za Radiohead zinatuluka pansi pa Parlophone, koma mu 2016 zinasamukira ku XL Recordings, ndipo ndi XL imene inatulutsa kope lokumbukira zaka 20 za OK Computer.

Zithunzi nazonso zili ndi eni ake. Amene anajambula chithunzi cha pachikuto mwina anangolola kuti chigwiritsidwe ntchito pa kaseti ndi CD, osati m'buku kapena pa malaya. Ngati woyimba kapena wopeka anamwalira, pezani amene ali ndi mphamvu mwalamulo pa chuma cha masiye, ndipo musangodalira mawu a wachibale mmodzi amene wakulandirani bwino pakhomo. Zonse zilembedwe ndi kusainidwa. Ku Malawi pitaninso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, mukaone ngati nyimbozo zinalembetsedwa, m'dzina la ndani komanso magawo ake ali bwanji, chifukwa chimbale chikayambanso kulira pa wailesi ndalama zimatsata zimene zili m'kaundula.

Kankhani kapambali: mayiko a European Union anatalikitsa chitetezo cha zojambulidwa kuchoka pa zaka 50 kufika pa 70, koma chojambulidwa chimene sichinatulutsidwe m'zaka 50 zoyambazo chimataya mwayiwu. N'chifukwa chake mu December 2013 panatuluka mwakachetechete pa iTunes nyimbo za The Beatles zojambulidwa mu 1963 zimene zinali zisanagulitsidwepo. Nthawi zina chaka cha 50 chimakumbukiridwa ndi maloya kuposa okonda nyimbo.

Matepi

Umwini ukadziwika, sakani gwero labwino kwambiri la mawu. Pali tepi yokhala ndi zoyimbira chilichonse pachokha, yotchedwa multitrack, ndipo pali tepi yosakaniza kale ya stereo imene anapangira makope. Mukapeza ya stereo yokha, mungathe kuchita remaster basi: kuyeretsa, kukonza kamvekedwe ndi kulinganiza mphamvu ya mawu. Mukapeza multitrack mungathe kusakaniza nyimbo mwatsopano, monga anachitira Giles Martin ndi Sam Okell pa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band mu 2017 ndi pa Abbey Road mu 2019. Musaganize kuti kampani yaikulu ndiye kuti matepi alipo. Moto umene unabuka ku Universal Studios Hollywood pa 1 June 2008 unapsereza matepi ambirimbiri, ndipo kukula kwa chiwonongekocho kunadziwika bwino mu 2019 nyuzipepala ya New York Times italemba.

Tepi yakale musaiike pamakina tsiku lomwe mwaipeza. Matepi ambiri a m'ma 1970 ndi m'ma 1980 ali ndi vuto loti guluu wogwira utoto wosunga mawu amayamwa chinyezi n'kuyamba kunanda. Mukaizunguza chomwecho imalira ngati khoswe, imasiya phala lakuda pamutu wa makina, ndipo phala limenelo ndi nyimbo yanu imene ikuchoka. Mankhwala ake ndi kuiwotcha pang'onopang'ono pa kutentha kwa madigiri 50 mpaka 55 a Celsius kwa maola 8 kapena kuposerapo, malinga ndi kukula kwa tepiyo, kenako n'kuisiya izizire yokha. Izi zimachitika mu uvuni wapadera wosunga kutentha kofanana, osati wophikira buledi. Tepi ya mtundu wa acetate siwotchedwa, imawonongekeratu. Mukaiyang'anitsa pakuwala cham'mbali imaonetsa kuwalako, pamene ya polyester imaoneka yakuda bii. Tepi yowotchedwa imakhala bwino kwa masabata ochepa chabe, ndiye isamutsireni mu kompyuta nthawi yomweyo, pa muyezo wa mawu wa 24-bit ndi 96 kHz kapena kuposa, musanasinthe kalikonse. Kope losakhudzidwali lisungidwe malo atatu osiyana.

Zimbale zambiri za kuno kwathu za m'ma 1990 zinatsala pa kaseti, pa DAT (katepi ka dijito) kapena pa CD yokha. Ngati zili choncho, sonkhanitsani makope angapo, musankhe lomveka bwino pa nyimbo iliyonse. Pa kaseti, kanthu kamodzi kamasintha zonse: kasikuluwu kokhotetsa mutu wa makina. Katembenuzeni pang'onopang'ono uku mukumvera mpaka zoyimbira zamawu aang'ono zimveke mbee, apo ayi nyimbo yonse imamveka ngati yafunditsidwa bulangete. Ndipo musatenge MP3 n'kuisandutsa WAV poganiza kuti yakhala master. Zimene zinatayika popanikiza sizibwerera.

Wochita remaster muuzeni asakweze mawu mopitirira. Spotify imatsitsa nyimbo zaphokoso kuti zonse zimveke mofanana, pafupifupi pa -14 LUFS (muyezo wa kukwera kwa mawu), choncho kukweza kwambiri kumangopha ng'oma popanda phindu. Ogula makope okumbukira ndi anthu amakutu akuthwa, amayerekeza latsopano ndi lakale, ndipo akakhumudwa amauzana tsiku lomwelo.

Chatsopano n'chiyani?

Wogula ali ndi funso limodzi: muli chiyani chimene ndilibe? Pa OK Computer, Radiohead anayankha ndi nyimbo zitatu zokha zosatuluka, zina mwa izo anthu anazimvapo m'mashoo a m'ma 1990 n'kumazidikira kwa zaka 20. Kope lalikulu la Abbey Road linali ndi nyimbo 40, mwa izo 23 zinali zoyeserera za mu situdiyo, kuphatikizapo buku la masamba 100. Thriller 25 cha Michael Jackson, cha February 2008, chinatenga njira ina, yoitana oyimba otchuka a nthawiyo monga Akon, will.i.am ndi Kanye West kuti akonzenso nyimbo zakale. Njira imeneyi imakopa achinyamata kwa kanthawi, koma imakalamba msanga kuposa chimbale chenichenicho.

Nyimbo zitatu zabwino zimaposa makumi awiri zongodzazira malo. Mverani zonse za m'nkhokwe, musankhe zimene zikusonyeza mmene nyimbo yodziwika inabadwira: pamene inali ndi gitala yekha, pamene mawu ake anali ena, pamene woyimba akuseka atalakwitsa. Chimbale choyambirira chisiyeni mmene chinalili, nyimbo zake m'ndondomeko yake, ndipo zowonjezera zikhale pa CD kapena mbale yachiwiri. Kabuku ka mkati musakapeputse. Lembani mayina a onse amene anayimba zida, situdiyo, masiku ojambulira, ndipo mufunse amene akadali moyo asanaiwale.

Mitundu, mitengo ndi fakitale

Konzani makwerero atatu a mtengo: pa intaneti kwa aliyense, CD kapena mbale imodzi ya galamafoni kwa wokonda wamba, ndi bokosi lodula la makope owerengeka kwa wosonkhanitsa. Mbale za galamafoni, zimene masiku ano amangoti vinyl, si zachikale monga ambiri amaganizira. Ku America mu 2022 zinagulidwa pafupifupi 41 miliyoni pamene ma CD anali 33 miliyoni, koyamba kuchitika zotere chichokereni 1987.

Vinyl ndi imene imalamula kalendala yanu. Perekani oda ku fakitale kutatsala miyezi 6 mpaka 9, ndipo pewani kulowa pamzere nthawi imene aliyense akuthamangira Record Store Day, tsiku la masitolo a zimbale la mu April, kapena malonda a Khirisimasi. Mbale ya mainchesi 12 imanyamula bwino mphindi 20 mpaka 22 mbali imodzi. Mukapitirira, tinjira ta singano timapanikizana, mawu amatsika ndipo besi imachepa. Chimbale cha nthawi ya CD cha mphindi 65 chimafuna mbale ziwiri, ndipo mtengo wake muuwerengeretu. Master ya vinyl ikhale yakeyake, ndipo nyimbo zaphokoso zisakhale kumapeto kwa mbali, kufupi ndi pakati, kumene mawu amasokonekera msanga. Fakitale idzakutumizirani makope ochepa oyesera. Mverani lililonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pa makina awiri osiyana. Kuthetheka kumene kukumveka pamalo amodzimodzi pa makope onse kuli pachidindo, ndipo kudzakhala pa mbale zonse mukavomereza. Mukasaina, cholakwa chilichonse ndi chanu.

Musanatchule chiwerengero cha makope, chitani masamu. Mwachitsanzo chabe, tinene kuti zonse pamodzi, remaster, chikuto, fakitale ndi mayendedwe, zakwana madola 6,000 pa makope 500, ndipo pa kope lililonse la madola 30 mukutsala ndi 18 sitolo ikachotsa zake. Muyenera kugulitsa makope 334 kuti mungobweza zimene munalowetsa, ndipo apa simunalipire opeka nyimbo. Ngati simukuona anthu 334 amenewo m'manambala amene munalemba poyamba paja, chepetsani makope kapena siyani vinyl. Njira yotetezeka ndi kutsegula msanga ma pre-order, kutanthauza kuguliratu chimbale chisanatuluke, kuti ogula okha akuuzeni kuchuluka kwawo. Mafakitale ambiri amapereka makope opitirira kapena operewera ndi 10 pa 100 alionse, choncho musagulitsiretu chiwerengero chonse cha oda.

Manambala a pa intaneti

Kope latsopano limafuna barcode yakeyake, UPC kapena EAN, pa mtundu uliwonse. Nyimbo iliyonse ili ndi ISRC, nambala ya zilembo 12 yozindikiritsa chojambulidwacho. Nyimbo yosakanizidwa mwatsopano, yoyeserera kapena ya pashoo imalandira ISRC yatsopano. Nyimbo yakale imene simunaisinthe isunge ISRC yake, dzina lake ndi kutalika kwake, kuti masevisi azindikire kuti ndi yomweyo n'kusunga chiwerengero cha amene anaimvera. Cholakwa chopweteka kwambiri ndi kuchotsa chimbale chakale pa intaneti n'kuikapo chatsopano ndi manambala ena. Nyimbo zimagwa m'ma playlist amene zinakhalamo zaka, chiwerengero chimayambiranso pa ziro, ndipo mwapha gwero la ndalama limene limalowetsa mwezi ndi mwezi. Chakale chisiyeni, chatsopano chikhale pambali pake.

Kulengeza

Kuyambira pa 10 July 2015 nyimbo zatsopano zimatuluka Lachisanu padziko lonse, ndipo sabata yowerengera malonda ku Britain ndi ku America imayambira tsiku lomwelo. Sankhani Lachisanu loyandikana ndi tsiku lokumbukira. Abbey Road chinatuluka koyamba pa 26 September 1969, koma kope la 2019 linadikira Lachisanu pa 27.

Onani mmene otulutsa Abbey Road anagawira nthawi. Analengeza pa 8 August 2019, tsiku limene panakwana zaka 50 chijambulireni chithunzi cha pachikuto, anyamata anayi akuwoloka msewu kunja kwa situdiyo. Tsiku lomwelo ma pre-order anatsegulidwa ndipo anthu anapatsidwa zoyamba kulawa. Kuchokera apo kufika tsiku lotulutsa panali masiku 50. Masabata 6 mpaka 8 ndi okwanira: mukalengeza msanga kwambiri anthu amaiwala, mukachedwa masitolo sapeza nthawi yoitanitsa. Chimbale chilichonse chili ndi masiku angapo oti mungakolekepo nkhani, monga tsiku lojambula nyimbo yoyamba, tsiku la chithunzi, tsiku limene single yoyamba inatuluka. Alembeni onse, mugawe zotulutsa zanu pa masiku amenewo, chimodzi pakatha masabata awiri alionse.

Nyimbo yosatulukapo ndiye chida chanu chachikulu. Pa Spotify for Artists mungathe kupereka kwa akonzi a ma playlist nyimbo imodzi yokha panthawi, yoti sinatuluke, ndipo pasatsale masiku ochepera 7. Masabata atatu kapena anayi ndi abwino koposa. Atolankhani a magazini amafuna kumva chimbale kutatsala miyezi iwiri kapena itatu, a wailesi masabata ochepa. Apatseni nkhani, osati chikalata chongoti chimbale chakwanitsa zaka zakuti. Kope la Graceland linabwera ndi filimu ya Joe Berlinger, Under African Skies, imene sinazembe mkangano wa kujambula ku Johannesburg mu 1985 panthawi imene United Nations inaletsa oyimba kugwira ntchito ku South Africa chifukwa cha tsankho. Mu July 2012 Paul Simon anayimba ku Hyde Park mu London limodzi ndi ena mwa amene anapanga chimbalecho. Gitala wotchuka wa m'chimbale chimenechi ndi wa Ray Phiri, amene bambo ake anachokera ku Malawi. Radiohead nawo anatulutsa kope lawo pa 23 June 2017, tsiku lomwe anali oyimba aakulu pa chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury, ndipo linafika pa nambala 2 ku Britain.

Kumene anthu ambiri amamvera nyimbo pa foni ndipo amapatsirana ulere, shoo ndiye sitolo. Kuyimba chimbale chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, CD ndi malaya zili patebulo pakhomo, kumalowetsa ndalama zimene intaneti singapereke msanga. Gulu la ku Zambia la WITCH ndi umboni wake: Now-Again Records ya ku America itatulutsanso zimbale zake za m'ma 1970 m'bokosi limodzi mu 2012, woyimba wamkulu wa gululo Jagari Chanda anabwerera pasiteji, anayimba ku Ulaya ndi ku America, mpaka gululo linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

Kuwerenga zotsatira

Malonda a kope lokumbukira amakwera ngati moto wa mapesi. Ma pre-order onse a masabata asanu ndi awiri amawerengedwa sabata imodzi, ndiye sabata yachiwiri kutsika kumakhala koopsa. Izi si kulephera. Koma onetsetsani kuti makatoni atumizidwa kwa ogula sabata yomweyo, chifukwa kope limawerengedwa likatumizidwa, ndipo fakitale ikachedwa ndi masiku khumi malonda amagawika pawiri n'kuphonya mndandanda. Malamulo a mndandanda muwawerengenso. Thriller 25 chinagulidwa pafupifupi 166,000 sabata yoyamba ku America koma sichinaloledwe pa Billboard 200, chifukwa panthawiyo zimbale zakale zinali ndi mndandanda wawo. Lamulolo linasintha kumapeto kwa 2009, ndipo Thriller 40 chitatuluka pa 18 November 2022 chimbalecho chinabwerera pakati pa 10 zapamwamba.

Mwa kawerengedwe kamene Billboard inayamba mu 2018, kumvera nyimbo ka 1,250 kwa olipira mwezi ndi mwezi, kapena ka 3,750 kwa omvera ulere, kunali ngati kugula chimbale chimodzi. Kuti mupeze makope 70,000 aja a Abbey Road kudzera m'kumvera kokha, pakanafunika kuti olipira amvere ka 87.5 miliyoni m'masiku 7. N'chifukwa chake sabata yoyamba imadalira zinthu zogwirika.

Phindu lokhalitsa lili kwina. Ku America nyimbo yoposa miyezi 18 imawerengedwa kuti ndi yakale, ndipo nyimbo zoterezi zimatenga gawo loposa 70 pa 100 la zonse zimene anthu amagula ndi kumvera. Tulutsani manambala amene munalemba poyamba, muyerekeze ndi a sabata ya 4, ya 12 ndi ya 26. Onani ngati omvera a mwezi ndi mwezi akhazikika pamwamba pa pomwe anali, ngati zimbale zina za woyimbayo zakweranso, komanso ngati pabwera omvera a zaka zocheperapo kapena a mizinda yatsopano. Mizinda imeneyo ndi imene mukapangireko mashoo otsatira.

Makope akatsala, musathamangire kutsitsa mtengo. Amene analipira mtengo wonse pa pre-order akaona bokosi lomwelo latsika ndi theka patangotha miyezi iwiri, ulendo wina adzadikira, ndipo sabata yanu yoyamba idzafa. Dikirani miyezi 6, otsalawo muzigulitsa pamashoo. Ndipo ngati munanena kuti makope ndi 500 okha, n'kuwalemba manambala pachikuto, musadindenso ena ofanana nawo. Akafunika ena, sinthani mtundu wa mbale kapena chikuto, muchotse manambala, ndipo munene poyera kuti uku ndi kudinda kwachiwiri.